Zotsala m'botolo

Mu Mtendere mulibe ng'ombe. Ndakhala m'komboni muno zaka zambiri, ndipo ng'ombe yamoyo ndimaiona chabe ili pa lole, ikudutsa mu Great East Road kupita kokaphedwa. Ziweto zathu ndi agalu olonda pakhomo, amphaka ogwira makoswe m'tuntemba, nkhuku za broiler 50 kapena 100 m'kachipinda ka kuseli, abakha, akalulu, ndi mbuzi ziwiri zitatu zodikira ukwati kapena Khirisimasi. Koma lowani m'shopu iliyonse ya mankhwala a ziweto, kaya m'tauni kaya kuno kwathu, muyang'ane pa shelefu. Pa botolo pajambulidwa ng'ombe, pa paketi pajambulidwa ng'ombe. Mankhwala amenewa anaikidwa m'mapaketi poganizira munthu wa khola ku Monze kapena ku Namwala. Ife timagula omwewo n'kubwera nawo kwa galu wa makilo 12.

Ntchito yanga ndi yothandizira madokotala a ziweto. Ndinaphunzira ku Zambia Institute of Animal Health ku Mazabuka, ndipo si ine dokotala, ngakhale m'komboni monse amandiitana "ba dokota" ndipo ndinatopa kuwakonza. Ndikufuna ndikuuzeni za galu mmodzi amene anafa chifukwa cha botolo limene ine ndinasiya pa windo.

Mwini wake anali ambuya ena amasiye, nyumba yawo ili mizere iwiri kuchoka pa yanga. Amagulitsa malasha ndi tomato pakhomo, ndipo amakhala ndi mdzukulu wawo wamwamuna, amene nthawi imeneyo anali Grade 10. Galuyo dzina lake anali Danger, koma ukali wake unali wa pakamwa chabe. Ana a m'njira ankamukoka mchira iye ali gone. Komabe usiku masaka a malasha ankagona panja, ndipo loko wake anali Danger.

Unali mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, nthawi imene nkhupakupa zimachuluka. Mnyamata uja anagogoda kwanga m'mawa kwambiri.

"Ba dokota, ambuya bakuitanani. Danger akana kudya, lero ni tsiku lachitatu."

Ndinamupeza atagona kuseli kwa masaka, mutu uli pansi. Nditakweza mlomo wake, nkhama zinali zoyera ngati pepala. Thupi linali pa 40.6, pamene galu wabwino amakhala pakati pa 38 ndi 39. Pamene anakodza panali pofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. M'makutu ndi pakati pa zala munali nkhupakupa zokhuta. Aliyense amene wagwirapo ntchito imeneyi mu Lusaka akanaganiza zimene ndinaganiza ine: matenda a nkhupakupa, oyamba ndi tizilombo totchedwa Babesia, timene timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaphwanya, monga momwe malungo achitira mwa munthu.

Njira yoyenera ndi kutenga kadontho ka magazi kunsonga kwa khutu, kukapaka pa kagalasi ndi kukayang'ana pa maikulosikopu. Sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ku UNZA ili ndi chipatala cha ziweto, ndipo kuchoka kwathu ungodutsa Kalingalinga wafika. Ndinawauza zimenezi ambuya. Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono.

"Mwana wanga, ine nekha kuchipatala niyenda na miyendo. Manje galu nimukweze taxi?"

Sindinalimbikire. Tinatuma mnyamata uja kukagula paketi imodzi ya diminazene, imene anthu onse amangoitcha Berenil, kaya yapangidwa ndi ndani.

Apa mundilole ndichedwe pang'ono pa masamu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kapaketi kameneka ndi ka magalamu 2.36 a ufa wachikasu, ndipo mankhwala enieni m'menemo ndi magalamu 1.05. Mukasungunula m'madzi oyera okwana mamililita 12.5, mumapeza mamililita 15, ndipo mililita iliyonse imakhala ndi mamiligalamu 70. Muyezo wake ndi mamiligalamu 3.5 pa kilo iliyonse ya thupi. Ndiye kuti paketi yonse ndi ya chiweto cha makilo 300, ng'ombe yaikulu ndithu yolumidwa ndi tsetse ku chigwa cha Luangwa. Galu wa makilo 12 amafunika mamiligalamu 42, amene ndi 0.6 ml. Paketi imodzi ikhoza kukwanira agalu 25 onga Danger.

Kuyeza ndinayeza bwino, ndipo zimenezi ndimadziuza kawirikawiri ngati zingandichepetsere mlandu. Sindinayerekeze ndi maso. Tinabwereka sikelo yopachika kwa bambo wina wogula zitsulo zakale pakona, tinaika galu m'saka, tinapachika pa nthambi ya mango. Makilo 12. Ndinatenga sirinji yanga yaing'ono ya 1 ml, ndinakoka 0.6, ndinalasa m'mnofu wa ntchafu. Ndinachotsa nkhupakupa zimene ndinatha kuchotsa. Ndinati amupatse madzi, phala, ndi chiwindi chophika ngati ndalama ipezeka. Ndinanenanso kuti nyeleti imeneyi ndi kamodzi chabe.

Kenako ndinatseka kabotolo kamene ndinasungunuliramo ufa uja, ndi kuyamba kukaika m'chikwama changa.

"Nanga uyo munkhwala muupeleka kuti?" anafunsa ambuya. "Si ndine nagula?"

Inu amene munakulira m'komboni mukudziwa kulemera kwa funso limeneli. Ndalama ya paketi ija inachokera m'tomato. Munthu wagula chinthu, iwe wagwiritsako kadontho, ndipo chonsecho ukuchiika m'chikwama chako. Kwa iwo zinaoneka ngati ndikupita kukalasa agalu ena 24 ndi mankhwala awo, ndalama n'kudya ndekha. Ndinachita manyazi. Ndinatulutsa kabotolo kaja, ndinakaika pa windo, ndinabwerezanso kuti asamulasenso, ndipo ndinapita. Sindinalembepo kanthu.

Choipa kwambiri n'chimene sindinafotokoze. Ndinanena lamulo koma sindinanene chifukwa chake. Diminazene amapha tizilombo tija m'tsiku limodzi kapena awiri, koma magazi amene aphwanyika kale sabwerera mawa. Thupi limatenga masabata kupanga ena. Galu amene mankhwala amugwira bwino amakhalabe wofooka, nkhama zoyera, akudya monyinyirika, ndipo mwini wake amaona ngati nyeleti sinagwire ntchito. Chachiwiri, mankhwalawa satuluka msanga m'thupi. Amakhazikika m'chiwindi ndi mu impso kwa masabata, moti nyeleti yachiwiri imangounjikana pa yoyamba. Ng'ombe imapirira. Galu ayi: mwa iye pakati pa muyezo wochiritsa ndi muyezo wopha ndi pafupi kwambiri. Zonsezi ndinkazidziwa, ndinazilembapo mayeso. Kuzinena kukanatenga mphindi ziwiri.

Tsiku lomwelo ndinapita ku pulazi ina ku Chongwe kukathandiza kupereka katemera, ndipo ndinakhalako masiku atatu.

Pobwera ndinapeza anthu atadzaza pakhomo pa ambuya, ena atanyamula miyala. "Wafunta! Galu wafunta!" Danger anali pakati pa bwalo, miyendo itauma ngati ndodo, mutu utapendekera kumsana, maso akuthamanga uku ndi uku osaima. Akayesa kudzuka ankagubuduka, miyendo ikupalasa m'mwamba, akulira kulira kumene sindikufuna kukumvanso. Anthu sankalakwa kuopa. Chiwewe chilipo mu Lusaka, ndipo galu wodwala mutu sungamusiyanitse ndi maso chabe. Ndinali nditamupatsa ndekha katemera wa chiwewe mu Seputembala, khadi lake linali m'nyumba, komabe sindinaike dzanja pafupi ndi pakamwa pake. Ndinafunsa ngati waluma munthu. Anati ayi. Ndinapempha kuti ana achoke, miyala aitaye.

Ndipo ndinayang'ana pa windo.

Ndinakoka zonse zimene zinatsala m'kabotolo ndi sirinji yaikulu. Ndinasiya mamililita 14 ndi pang'ono. Munali 10 ndi pang'ono.

Mnyamata uja ndinamupeza kuseli kwa chimbudzi, atakhala pa njerwa. Sindinamufunse kanthu, anayamba yekha.

"Ba dokota, musabauze ambuya. Ninaona kamene munalasa kanali kang'ono maningi. Mailo yake sanadye. Ninaganiza kuti kanachepa."

Anagula sirinji ya 5 ml ndi ndalama yake ya chakudya cha kusukulu, analasa 2 ml, ndipo tsiku lotsatira, poona kuti palibe kusintha, 2 ml inanso. Sanachite mwachibwana. Anaganiza monga momwe tonse taphunzirira ku kiliniki: Coartem umamwa masiku atatu, nyeleti umabwerera mawa ndi mkuja, ndipo anesi amakalipa ukasiyira panjira. Ndani anamuuza kuti pali mankhwala amene kubwereza ndiko kupha? Ine ndinangoti "kamodzi chabe" kwa ambuya ake, iye ali pambali atagwira saka.

Pamodzi ndi yanga ija, Danger analandira 4.6 ml, muyezo wa chiweto cha makilo 92. Mankhwalawa akachuluka amatulutsa magazi mu ubongo, ndipo palibe mankhwala obweza. Ndinaimbira dokotala amene ndimagwira naye ntchito kuti abwere amupumitse, koma anali kutali. Galuyo anafa usiku womwewo.

M'mawa ambuya anandifunsa chimene chachitika. Ndinati mankhwala anamuchulukira, ndipo wolakwa ndine chifukwa ndinasiya botolo. Silinali bodza. Anandiyang'ana, anayang'ana mdzukulu wawo amene ankasesa malasha osakweza mutu, ndipo sananene kanthu. Patapita sabata, masaka awiri anabedwa.

Kuyambira pamenepo ndikalowa pakhomo pa munthu, maso anga amayamba kupita pa windo, pamwamba pa kabati, kuseli kwa chitseko. Ndipo pafupifupi paliponse pamene pali chiweto, mu Mtendere, mu Chawama, mu George, pali botolo lotsala limene likudikira.

Lofala kwambiri ndi la ivermectin. Ameneyu ndi mankhwala abwino zedi. Anachokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Japan, ndipo Satoshi Omura ndi William Campbell analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha iye. Amapha njoka za m'mimba ndi tizilombo ta mphere. Koma wa m'botolo lathuli ndi wa mamiligalamu 10 pa mililita, ndipo muyezo wa ng'ombe ndi 1 ml pa makilo 50. Nkhumba ndi 1 ml pa makilo 33. Kabotolo ka 50 ml ndi ka ng'ombe zolemera makilo 2,500 pamodzi. Manje tengani kamwana ka galu ka makilo 3 kamene kathothoka ubweya. Pa muyezo womwewo kamafunika 0.06 ml, kadontho kamodzi. Pa sirinji ya 5 ml kapena 10 ml, imene anthu ambiri ali nayo, mulibe n'komwe mzere wosonyeza zimenezo. Munthu amakoka mpaka pa mzere woyamba wooneka bwino, pa 1, n'kuona kuti wachepetsa kwambiri. Wapereka kuposa ka 16. Mawa lake kagalu kakuyenda ngati kaledzera, dovu likutuluka, maso atatseguka koma sikakuona, kenako kagona osadzuka. Tiana ta agalu timakhudzidwa msanga chifukwa chotchinga cha ubongo wawo sichinakhwime, ndipo agalu ena a mtundu wa collie, amene mungawaone kumayadi, amadwala ngakhale ndi muyezo umene galu wa m'komboni amapirira. Apanso mankhwala obweza palibe. Umangomusunga pofunda, kumupatsa madzi, kumutembenuza, ndi kudikira. Ena amadzuka patapita masiku, ena ayi.

Dipi wa nkhupakupa, amitraz, ndi amene amandisowetsa tulo. Wa ng'ombe amasungunulidwa mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi. M'komboni muyezo ndi kachitsekero ka botolo, ndipo beseni lililonse ndi beseni. Galu wosambitsidwa dipi wamphamvu amagona tulo tosadzuka bwino, thupi limazizira, mtima umagunda pang'onopang'ono. Mukaona zimenezi musambitseni msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, mumufunditse, muitane thandizo. Mphaka musamuyandikize n'komwe. Koma chimene chimandiopsa si galu. Dipi akasakanizidwa ndi madzi amayera ngati mkaka, ndipo wotsala anthu amamuthira m'botolo la chakumwa n'kumuika pansi pa bedi, m'nyumba ya zipinda ziwiri mmene muli ana anayi. Ndakhuthulapo mabotolo otere m'nyumba za anthu, mwini wake akundiyang'ana ngati ndikutaya ndalama zake. N'zoona, ndinkataya ndalama zake.

Za amphaka ndingonena mwachidule: Panado amapha mphaka. Chiwindi chake sichitha kumugaya, nkhope imatupa, nkhama zimasanduka zofiirira, kupuma kumavuta. Ngakhale theka la piritsi musayese.

Palinso zotsala zina zimene sizikhala pa windo koma m'nyama. Munthu wagula mbuzi ku Chibolya, yafika yotopa ndi ulendo wa pa lole, ikutsokomola. Amailasa oxytetracycline uja wamphamvu, wa mamiligalamu 200 pa mililita, amene muyezo wake ndi 1 ml pa makilo 10. Mbuzi ya makilo 25 ndi 2.5 ml, koma iye amadzaza sirinji. Pa lebulo palembedwa masiku oyenera kudikira musanaphe, ndipo kwa mankhwala amenewa ndi masabata atatu kapena kuposa. Phwando lili Loweruka. Mukadzaona michopo ya pantchafu ili ndi banga lachikasu lofiirira mkati mwa mnofu, dziwani kuti pamenepo ndi pamene nyeleti inalowa.

Mlongo wanga amaweta nkhuku ku Chawama, ndipo ndi iye takangana kwambiri kuposa wina aliyense. Ali ndi chitini chodzaza timapaketi totsegula, totsala pa nkhuku za miyezi yapita. Nkhuku imodzi ikangozyolika, amathira supuni m'chigubu. Ndamuuza kuti mankhwala a m'madzi ndi achinyengo: nkhuku yodwala imamwa pang'ono n'kulandira ochepa, yathanzi imamwa kwambiri n'kulandira ochuluka, ndipo mu Okutobala zonse zimamwa kuposa mu Juni ngakhale supuni ndi yomweyo. Ndamuuza kuti chitopa ndi gumboro ndi mavairasi, ufa wa m'paketi suwachita kanthu, chofunika ndi katemera pa nthawi yake. Ndamuuza kuti tizilombo tikazolowera mankhwala ochepa-ochepa timaleka kuwamva, ndipo mankhwala ambiri a nkhuku ndi a mtundu umodzi ndi amene adzapatse mwana wake ku kiliniki. Dziko lathu lili ndi ndondomeko yolimbana ndi vuto limeneli, ya 2017 mpaka 2027. Iye amamvetsera, kenako amati: "Achimwene, nkhuku zakwana masabata 6, zikudya thumba tsiku na tsiku, ba kaloba bafuna ndalama yao Lachisanu. Niyembekeze masiku asanu na chani?" Sindinapezebe yankho lomukwanira. Chimene tinagwirizana n'chakuti sabata yomaliza m'madzi musamalowe kanthu, ndipo zodwala azizipatula, zizigulitsidwa pambuyo. Nthawi zina amasunga, nthawi zina ayi.

Malamulo alipo. La mankhwala la 2013 linakhazikitsa ZAMRA, imene imapereka ziphaso kwa mashopu ogulitsa mankhwala a ziweto, ndipo la 2010 limafuna kuti ife ogwira ntchito imeneyi tizilembetsa ku Veterinary Council of Zambia. Koma lamulo silifika pa windo la ambuya. Ine ndikanakonda chinthu chaching'ono: wogulitsa asatulutse botolo asanafunse kuti ndi chiweto chanji, cha makilo angati, ndipo wogula ivermectin wa galu asatuluke wopanda sirinji ya 1 ml. Ogulitsa ena amachita kale zimenezi. Ena amangofunsa ngati uli ndi chenji.

Ine ndinasintha zitatu. Ndinagula sikelo yangayanga yopachika, imayenda nane m'chikwama pamodzi ndi saka. Ndimafotokoza chifukwa, osati lamulo chabe, ndipo ndimafotokozera amene amakonda chiwetocho, amene nthawi zambiri si mwini ndalama koma mwana amene waima pambali. Ndimamuuza kuti mawa galu adzaoneka chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti nyeleti yachepa. Chachitatu, situmanso munthu kukagula paketi. Ndimagula ndekha, ndimalipiritsa nyeleti imodzi, botolo limakhala langa kuyambira pachiyambi, ndipo palibe amene angandifunse kumene ndikulipereka. Zimenezi zandidyera makasitomala. Bambo wina mu George anandiuza pamaso kuti paketi yonse njotchipa kuposa kadontho kanga, ndipo sadzandiitananso. Masamu ake anali olondola.

Chaka chotsatira mnyamata uja anabwera kwanga atanyamula kagalu kakuda m'saka, mimba ili ndendende ndi njoka. Tinapita nako kwa ambuya, tinapachika sikelo pa mango womwe uja. Makilo 2.8. Ndinamupatsa botolo la mankhwala akumwa a tiana ta agalu kuti awerenge yekha lebulo, awerengere pa foni yake. Anawerengera kawiri, anandionetsa, kenako anawerengeranso. Ndinamusiya akoke yekha ndi kumwetsa. Dzanja lake linkanjenjemera pang'ono.

Ambuya anali pa mpasa, akusanja tomato m'timilu. Nditatseka botolo ndinazengereza, chifukwa mankhwala amenewa amabwerezedwa pakapita masabata awiri ndipo alibe ukali wa aja, ndiye ndinaganiza zowasiyira. Sanakweze n'komwe mutu.

"Tengani, ba dokota," anatero. "Mubwere nayo mweka tsiku yake. Apa musasiyepo kanthu."